WANJALA SAWERENGA: TIKUFUNA NTCHITO ZA MAOLA OCHEPA KWA OPHUNZIRA OSOWA



Uthengawu ndi wautaliko, koma musaope za bandulo, mulibe vidiyo, ndi mawu okhaokha. Werengani mpaka pansi, mukatero muponyere ena, makamaka azing'ono athu amene adakali pa sukulu.

Ine ndili ndi zaka 24. Digiri ndili nayo, ili mu envulopu ya khaki pansi pa matiresi kwa achemwali anga komwe ndikugona pabalaza. Ntchito ndilibe. Koma lero sindikulira za ife amene tinavala gauni n'kubwerera kukakhala kwa abale, zimenezo tidzakambanso. Lero nkhani ndi ya amene ali m'kalasi panopa m'mimba muli gwaa, komanso amene anatuluka pa geti ndi chikwama semesita isanathe ndipo sanabwererenso.

M'chaka changa chachitatu ndinkakhala chipinda chimodzi ndi mnyamata wina wochokera kummwera, wamutu kuposa ine kutalitali. Tinkagawana lendi, mbaula imodzi, poto mmodzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola munda wa makolo ake, chimanga ndi nandolo zonse zinapita ndi madzi. Chaka chomwecho mayunivesite a boma anakweza fizi, ena kufika pa K650,000 pa chaka, ndipo mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ufa unakwera, mafuta ophikira anakwera, alandilodi nawo sanafune kutsalira. Mnzangayo anayamba kudya kamodzi pa tsiku. Kenako anayamba kujomba makalasi a m'mawa chifukwa amakhala akusenza njerwa pamalo ena pomwe ankamanga nyumba. Kenako analakwa maphunziro awiri, munthu amene sankadziwa n'komwe kuti supu imalembedwa chipinda chiti. Tsiku lina ndikubwera ku kalasi ndinapeza bulangete lake palibe. Lero akupalasa kabaza m'tauni. Tikakumana amandinyamula ulere, ndipo ine manyazi amandigwira chifukwa ndikudziwa kuti pa awirife woyenera digiri anali iyeyo.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti sanachoke chifukwa cha mamiliyoni ayi. Anachoka chifukwa cha ndalama ya lendi ndi ya ufa. Ndipo pa sukulu pomwepo, nthawi yomweyo, ntchito inali mbwee. Chipinda cha makompyuta chinkakhala chokhoma madzulo ati palibe woyang'anira. Mabuku obwezedwa ku laibulale ankaunjikana osabwerera m'mashelefu. Mu ofesi ina mafayilo a ophunzira anali mulu mpaka kudenga, kudikira munthu woti awalowetse mu kompyuta. A chaka choyamba ankagwa masamu ngati mango a Disembala, kusowa wowakhalira pansi n'kuwalongosolera. Mbali iyi ntchito yosowa munthu, mbali iyo munthu wosowa chakudya, pakati pake mabwana a masuti amene sizinawabwerere m'mutu kuti ziwirizi zikhoza kukumana.

Zimene tikufuna ndi izi, ndipo tizinene mosapita m'mbali: yunivesite iliyonse ya boma, UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, ikhale ndi ndondomeko yolembedwa yopereka ntchito za maola ochepa kwa ophunzira osowa, zolipidwa pa ola, ndalama yake yoikidwa mu bajeti. Osati chifundo cha lekichala mmodzi amene wakumvera chisoni n'kukutuma kukatsuka galimoto yake. Ndondomeko, yokhala ndi malamulo, yoti ngakhale mwana wa mlimi wopanda achimwene ku ofesi akhoza kulembera n'kutengedwa.

Wina anena kuti tikulota. Ayi aise, zimenezi zinayamba kale makolo athu ambiri asanabadwe. Ku America, mu 1964, chaka chomwe ife tinkalandira ufulu, boma la Lyndon Johnson linakhazikitsa ndondomeko ya Work-Study kudzera mu lamulo la Economic Opportunity Act, pa nkhondo yawo yolimbana ndi umphawi. Mu 1965 anaisamutsira mu lamulo la maphunziro apamwamba, Higher Education Act, ndipo ilipobe mpaka lero. Imayenda chonchi: wophunzira amadzaza fomu yosonyeza mmene banja lake likupezera. Akapezeka kuti ndi wosowa, amaloledwa kugwira ntchito ya maola ochepa pa sukulu kapena m'mabungwe otumikira anthu. Nthawi zambiri boma limalipira mpaka 75 peresenti ya malipiro ake, sukulu kapena womulembayo n'kuwonjezera yotsalayo. Malipiro satsika kupitirira malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi lamulo, ndipo amaperekedwa kwa wophunzirayo mosachepera kamodzi pa mwezi. Lamulo limanenanso kuti 7 peresenti ya ndalama zimene sukulu yalandira ipite ku ntchito zothandiza anthu a m'dera, monga kuphunzitsa ana kuwerenga. Pa chaka boma lawo limaikamo ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola.

Kulinso koleji ina ku Kentucky, Berea College, imene imatenga ana a mabanja osauka ndipo sinalipiritsepo fizi kuyambira 1892. Wophunzira aliyense kumeneko amagwira ntchito maola osachepera 10 pa sabata, ndipo ntchitoyo imalembedwa, moti pomaliza amatuluka ndi umboni wa zimene anagwira pambali pa magiredi ake.

Musandimve ngati ndikupembedza azungu. Yawoyonso ili ndi zilema. Kagawidwe ka ndalamazo kamatsatira kwambiri zimene sukulu inkalandira kalekale, ndiye makoleji akale, odula, a ana a olemera amatenga gawo lalikulu kuposa makoleji ang'onoang'ono komwe kwadzaza amphawi. Ndiye ngakhale kumeneko wokhuta amapezabe njira yodyera m'mbale ya wanjala. Ife tikamayamba yathu tiyambe tikudziwa msampha umenewo. Koma mfundo yaikulu ndi yoti dziko lolemera ngati limenelo linaona kuti ngongole yokha sikwanira kusunga mwana wosauka pa sukulu. Nanga ife, amene wophunzira wathu amadya bonya wa mulu umodzi masiku atatu?

Tikumbukire pomwe tinachokera. Mu 2015 boma linasiya kupereka ndalama zodyera kwa ophunzira atsopano m'mayunivesite a boma, ndipo chaka chomwecho linakhazikitsa bungwe la ngongole, Higher Education Students' Loans and Grants Board. Anatiuza kuti wosowa azikongola. Chabwino. Koma si onse opempha amene amalandira, ndipo ngakhale wolandirayo ndalama yodyera imatha semesita ili pakati chifukwa mitengo pamsika siidikira bajeti ya boma. Hositelo sizikwanira, ndiye ambiri ali m'timanyumba ta lendi ku Chikanda, ku Luwinga, ku Chitawira ndi kwina kotero. Pakati pa loni ndi mapeto a semesita pali dzenje, ndipo m'dzenje limenelo ndi momwe anzathu akugweramo chaka ndi chaka.

Tsopano tiyeni tiyankhe zimene mabwana adzanene, chifukwa tikuwadziwa, nyimbo yawo ndi imodzimodzi.

Adzati wophunzira ntchito yake ndi kuwerenga, mukampatsa ntchito alakwa mayeso. Mawu amenewa amalankhula ndi munthu amene sanagonepo ndi njala pa sukulu. Akuganiza kuti panopa ophunzira osowa akungowerenga? Akugwira kale ntchito, bwana. Akugulitsa kaunjika, akukazinga zigege, akukhala m'tizisakasa ta Airtel Money ndi Mpamba tsiku lonse, akuphunzitsa patitaimu m'masukulu a pulaiveti. Ine ndinaphunzitsapo pa sukulu ina miyezi itatu, anandilipira mwezi umodzi, yotsalayo mpaka lero ndi "bwera mawa". Ndipo ndiulule chinthu chimene sindinyadira: ndinalemberapo anthu ma asayimenti kuti ndipeze ya ndiwo. Inde, ndi kuba mayeso kumeneko, ndipo ambiri amene mukuwerenganu mukudziwa kuti msika umenewo ndi waukulu bwanji. Pali anthu ena m'maofesi muno akuyenda ndi mapepala amene anawalembera ndi mwana wanjala. Ndiye funso si lakuti wophunzira agwire ntchito kapena asagwire. Akugwira kale, kutali ndi sukulu, nthawi ya makalasi, kwa anthu omubera. Ife tikuti maola 10 pa sabata, osapitirira 12, pa sukulu pomwepo, okonzedwa mozungulira ndandanda ya makalasi ake, ndipo sabata ya mayeso apume. Ndi chiti chingamulakwitse mayeso pa ziwirizi?

Za azichemwali athu ndiye musanene. Tonse timawaona magalimoto a magalasi akuda amene amaima pa geti Lachisanu madzulo. Anthu amafulumira kutukwana mtsikana, m'magulu muno momwe, koma safunsa kuti anadya chiyani dzulo, kapena kuti alandilodi anamuuza kuti atuluke liti. Zidyamakanda zimadziwa bwino mwezi umene ndalama ya loni imatha, zimawerengera kuposa akaunti ofesi. Sindikunena kuti kantchito ka mu laibulale kathetsa zonsezi. Koma mtsikana amene akudziwa kuti pakutha pa mwezi alandira yake ya thukuta lake ali ndi mphamvu yonena kuti ayi, imene mnzake wopanda kalikonse alibe.

Adzatinso ndalama kulibe. Iyi ndiye nyimbo ya fuko yachiwiri. Tiyeni tiwerengere limodzi, ndi masamu anga awa, aliyense atenge foni ayese. Tinene kuti wophunzira azilandira K1,500 pa ola. Maola 10 pa sabata ndi K15,000, pa mwezi K60,000. Sizolemeretsa munthu, koma kachipinda kogawana ndi thumba la ufa zikhoza kutheka. Masabata 30 pa chaka ndi K450,000 pa munthu mmodzi. Ophunzira 1,000 ndi K450 miliyoni. Tsopano yerekezani: mu bajeti ya 2024/25 dera lililonse la phungu linapatsidwa K200 miliyoni ya CDF, ndipo maderawo anali 193. Ndiye kuti ndalama yosunga ophunzira 1,000 pa sukulu chaka chathunthu ikungoposa pang'ono CDF ya madera awiri okha ya chaka chimenecho. Pitaninso mukafunse mtengo wa Land Cruiser yatsopano imodzi, muwerenge kuti mumdipiti umodzi wa akuluakulu mumakhala zingati. Dziko limene linaona Cashgate mu 2013 lisamatiuze kuti ndalama kulibe. Linene zoona kuti ndalama ilipo koma si ya ife.

Komanso si kuti zonse zichokere ku Capital Hill. Mayunivesite amalandira ndalama za kafukufuku, ndipo kafukufuku aliyense amafuna anthu ofunsa mafunso m'midzi ndi olowetsa manambala mu kompyuta. Ntchito zimenezo zilipo kale, kungoti zimagawidwa mwa kunong'onezana, kwa amene lekichala amamudziwa. Makampani nawo amalipira kale levi ya TEVET, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, yothandizira maphunziro a ntchito zamanja. Ndiye nzeru yoti olemba ntchito azisonkha pa maphunziro a antchito awo a mawa si yachilendo kuno.

Pali funso lina limene ndi lolemera, ndipo ili lokha sindilinyoza. Nanga amayi amene amakolopa m'makalasi, abambo amene amalondera pa geti ndi otchetcha kapinga, si ndiye kuti tiwalanda ntchito? Anzanga, tikasewera apa ndiye kuti mabwana atigwiritsa ntchito. Palibe chimene angakonde kuposa kuchotsa mayi wa ana asanu n'kuikapo wophunzira wa malipiro otsika, kenako n'kuitana atolankhani kuti aone mmene akuthandizira osowa. Zimenezo tikukana. Amayi amenewo ndi amayi athu, ena mwa iwo ndi omwe ankatipatsa mandasi pa ngongole. Ku South Africa mu 2015, ophunzira a FeesMustFall sanamenyere fizi yokha, anaima limodzi ndi okolopa ndi alonda kukana zoti ntchito zawo ziziperekedwa ku makampani apadera, ndipo University of Cape Town inavomera kuwalemba mwachindunji. Ife tiphunzirepo. Ntchito zimene tikunena ndi zimene panopa palibe akuzigwira: kutsegula laibulale ndi chipinda cha makompyuta mpaka usiku, kuthandiza m'malabu, kuphunzitsa a chaka choyamba, kulowetsa mafayilo akale mu kompyuta, kuwerengera anzathu osaona ndi kuthandiza olumala kuyenda pa sukulu, ntchito za kumunda ndi kukhola ku Bunda. Ndiponso kunja kwa mpanda. Pafupi ndi yunivesite iliyonse pali ma CDSS amene akusowa aphunzitsi a masamu ndi sayansi. Wophunzira wa chaka chachitatu akhoza kupita kumeneko masana awiri pa sabata kukathandiza a Fomu 4 kukonzekera MSCE, boma n'kumulipira. Lamulo lake lilembedwe poyera kuti palibe wantchito amene achotsedwe kuti malo ake alowepo wophunzira.

Chenjezo lina lipite kwa mabwana omwewo. Tikudziwa kuti ena mukamva nkhaniyi muganiza kuti mwapeza antchito aulere. Muziti gwira ntchito, tidula ku fizi yako, osakupatsa kalikonse m'manja. Dziko lino limadziwa dzina la kachitidwe kameneko. Agogo athu m'maesiteti a kummwera ankagwira ntchito kuti alipire malo omwe ankakhalapo, ndipo ankalitcha thangata. Ndi zina mwa zimene zinamudzutsa John Chilembwe mu Januwale 1915, amene nkhope yake mumaiona pa ndalama. Sitikupempha thangata wa ma digiri. Ndalama ilowe mu foni kapena mu akaunti ya wophunzira mwezi ndi mwezi, iye yekha aone kuti ipite ku lendi, ku ufa kapena ku fizi. Munthu sadya risiti. Ndipo ndondomekoyi isakhale chifukwa chodulira loni. Ikhale yowonjezera pamwamba pa loni, osati yolowa m'malo mwake. Tsiku limene mudzanene kuti popeza akugwira ntchito ndiye ya loni tiichepetse, tidzakumana pamsewu ngati mmene akuluakulu athu anachitira mu 2016 pa nkhani ya fizi.

Tsono pali nthenda yathu ija ya kuno. Mukangoti "osowa", m'ndandanda mumatulukira mwana wa mlongo wa bwana, wokhala ku Area 47, wobwera ku kalasi pa galimoto. Tinaziona pa makuponi, tinaziona pa mabasale, sitikufuna kuzionanso apa. Ntchito zonse zizimatidwa pa bolodi ndi pa intaneti, aliyense aone kuti zilipo zingati, malipiro ake ndi angati, ndipo akusankha potengera chiyani. M'komiti yosankha mukhale ophunzira osankhidwa ndi anzawo, theka akhale atsikana. Poyamba apatsidwe amene anapempha loni n'kukanidwa, ana amasiye, olumala, ndi amene ali pafupi kusiya sukulu. Pakhalenso malo okadandaula amene sali pansi pa munthu yemwe akukuyang'anira pa ntchitoyo. Izi ndikunenera dala, chifukwa tikudziwa zimene abambo ena amachita akangogwira kiyi wa mwayi wa mtsikana. Tisathamangitse chidyamakanda pa geti n'kuchilowetsa mu ofesi.

Ndibwerere pang'ono kwa ife a ma envulopu a khaki. Tsegulani nyuzipepala tsamba la ntchito. Akufuna digiri ndi zaka ziwiri kapena zitatu za luntha pa ntchito. Luntha limenelo tikalitenga kuti, kumwamba? Ine CV yanga ndi tsamba limodzi, ndipo theka lake ndi mayina a sukulu. Njerwa zimene mnzanga ankasenza sizilembedwa pa CV. Sukulu ya pulaiveti ija singandilembere kalata chifukwa ikudziwa kuti ili nane ngongole. Ndikanakhala kuti ndinagwira zaka zitatu mu labu kapena mu ofesi ya pa sukulu, bwenzi lero ndili ndi kalata ya wondiyang'anira, ndikudziwa kusunga nthawi ya ofesi, kulemba lipoti, kuyankha munthu wokwiya pa kauntala. Boma linayambitsa ndondomeko ya ma intani mu 2018 pa K80,000 pa mwezi, koma imeneyo ndi ya amene anamaliza kale, ndipo malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero chathu. Amene anagwa m'chaka chachitatu siimufikira n'komwe. Mu 2020 tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni ndipo tinavina. Lero sitikupemphanso miliyoni, tikuti yambani ndi 1,000, za maola 10 okha, tione ngati zimenezonso zikukanikani.

Atsogoleri a mabungwe a ophunzira, nanunso tikukuonani. Nthawi ya kampeni mumalonjeza Wi-Fi ndi madisiko, mukalowa mumayamba kuvala majekete n'kumadya ndi mabwana. Nkhani iyi ili m'manja mwanu kuposa aliyense, chifukwa ndinu amene mumalowa m'zipinda zimene ife sitiloledwa. Khonsolo ya yunivesite ikhoza kuyamba ndi ophunzira 100 semesita ikubwerayi popanda kudikira Nyumba ya Malamulo. Mukaiike pa tebulo, ndipo mutiuze zimene akuyankhani, mawu ndi mawu.

Kwa inu nonse, ntchito ya sabata ino ndi iyi. Amene muli pa sukulu, yendani ndi kabuku, lembani malo aliwonse amene amatsekedwa msanga kapena ntchito imene yaima chifukwa chosowa munthu, ndi nthawi yake. Lembaninso chiwerengero cha anzanu a m'kalasi mwanu amene asiya kapena aimitsa sukulu chifukwa cha ndalama kuyambira chaka choyamba. Manambala okha, mayina ayi, ndipo musajambule munthu kapena kuponya nkhani yake pagulu iye asanavomere, umphawi wa mnzathu si wopangira ma laiki. Amene munasiya sukulu ndipo mukufuna kufotokoza nokha, lemberani ma adimini kumbali. Zonsezi tiziphatikiza mu kalata imodzi yopita ku makhonsolo a mayunivesite onse asanu ndi limodzi, ku unduna woona za maphunziro apamwamba ndi ku komiti ya maphunziro ya Nyumba ya Malamulo, ndipo tisanaitumize tidzaiika m'magulu muno kuti aliyense aiwerenge n'kukonza pomwe palakwika.

Mnzanga wa kabaza uja ndamuuza kale za kalatayi. Wati akufuna dzina lake likhale loyamba kusaina.

Tumizani ku magulu onse.